Katondo Wokana Kudikha

A Dingani Jere anakumba chitsime chawo ndi pakamwa kaye, khasu linachita kubwera pambuyo. Chaka chathunthu asanachoke ku Lusaka ankauza aliyense wofuna kumva, ndi wosafuna yemwe, kuti pa puloti yawo ya ku Chalimbana pali madzi pansi, oyera mbee, ndipo iwo monga munthu amene wagwira ntchito ya sayansi mu labu zaka makumi awiri kudza zisanu ndi ziwiri akudziwa malo enieni okumba. Atapuma pa ntchito anasamukadi ndi akazi awo a Tisauke, amene aliyense amangowatchula kuti amake Mavis. Anakumbadi. Madzi anawapezadi. Koma madziwo, abale inu, anatuluka ofiirira ngati tiyi wa pamaliro amene mkaka wangomudutsa patali.

"Yazadikha, amake Mavis," anatero a Jere molimba mtima. "Madzi ya chitsime chatsopano ni mwamene yamachitira. Nipaseni chabe masiku yatatu."

Anatunga ndowa imodzi n'kuiika pakhonde. Mchenga unatsikira pansi tsiku lomwelo, koma kufiirako kunangoti chilili m'madzimo. Masiku atatu anatha, sabata inatha, mwezi unaoneka mpaka kufa, ndowa ili pomwepo, madzi ali chifiirire. Anasefa ndi chitenje, katondo anadutsa. Anapinda chitenje kanayi, katondo anadutsabe, n'kusiya chitenjecho chitasintha mtundu. Dothi limenelo linali losalala moti ukalitikita pakati pa zala sunkamva kanthu, koma makani ake anali a munthu wamkulu.

Tsono madzi akumwa, ophikira ndi ochapira ankachokera kwa aneba awo a Clarissa, mphunzitsi wa sayansi pa yunivesite, amene anali ndi nyumba ya mpanda, chitsime chobowola ndi makina, ndi thanki yobiriwira pamwamba. A Clarissa anali munthu wabwino, sankawerengera munthu ndowa. Koma geti ya mwini ndi ya mwini. M'mawa uliwonse amake Mavis, mayi wa zaka makumi asanu kudza zisanu ndi zitatu, amene ku Lusaka anali ndi pompi ya madzi pakhomo penipeni, ankaima pa getiyo ndi ndowa ziwiri, agalu akuwauwa ngati sanawaonepo, kudikira kuti wantchito atsegule. Miyezi isanu ndi itatu ankachita zimenezi. A Jere iwo sankapondako phazi. Munthu wa sayansi angakapemphe bwanji madzi kwa wa sayansi mnzake? Ndiponso, tinene zoona, ankaopa kuti a Clarissa angawafunse funso.

Pakuti panali kachinsinsi. Mu labu muja a Jere ankavaladi khoti loyera la mabatani mpaka m'khosi, koma ntchito yawo inali yotsuka mabotolo. Ankawatsuka bwino, zimenezo tisawalande. Botolo silinatulukepo m'manja mwawo lili ndi kadontho. Koma akafika kunyumba ankadziponya pampando n'kunena kuti, "Lelo tinali na maekisiperimenti yambiri," ndipo sankanama kwenikweni, chifukwa maekisiperimentiwo analipodi, kungoti ankachita ndi ena.

Zinthu zinafika pa mwana wakana phala Lachitatu lina m'mwezi wa Okutobala. A Clarissa anali atapita ku msonkhano ku Kabwe, ndipo wantchito wawo anatseka geti n'kupita kwawo ndi kiyi m'thumba. Lamlungu kunali msonkhano waukulu wa amayi a Chigwirizano kutchalitchi, ndipo woyambitsa nyimbo anali amake Mavis. Woyambitsa nyimbo amaima kutsogolo, maso a amayi mazana atatu ali pa bulauzi yake yoyera. Mayiwo anayesa kaye kansalu koyera m'madzi a chitsime, kanatuluka ngati kapukutira njerwa.

Sanakalipe, ndipo ndi chimene chinawaopsa a Jere. Mayiwo analowa m'nyumba, anatsitsa chikwama chachikulu chamizeremizere pamwamba pa kabati, n'kuyamba kupinda zovala chimodzichimodzi.

"Atate a Mavis, mverani bwino, sinizabwereza. Ine nalema kupempha madzi monga nilibe pakhomo. Pa Chisanu dzuwa likalibe kulowa, nifuna nichape bulauzi yanga na madzi ya mu chitsime chanu ichi, ituluke yoyera. Zikakanga, pa Chiweru m'mawa nikwera minibasi pa Chongwe, niyenda kwa Mavis ku Kaunda Square kwamene kuli pompi. Imwe mutsale na sayansi yanu."

"Nanga muzabwera liti?"

"Madzi yakadikha."

A Jere anasuzumira ndowa ya pakhonde ija, imene inakana kudikha miyezi isanu ndi itatu, ndipo anachita mantha enieni. Chikwatirire ku Katete mu 1989 anali asanagonepo m'nyumba yopanda mayi ameneyu kupitirira masiku atatu. Sankadziwa ndi pamene pamakhala mchere pomwe. Ndipo ankawadziwa akazi awo kuti akanena anena, chifukwa onse awiri anali a mtima umodzi umenewo, wosayamba kupepesa.

Lachinayi anadzuka ndi nzeru. Chofiira n'chiyani padziko pano? Dzimbiri. Dzimbiri limachokera ku chiyani? Ku chitsulo. Nanga chitsulo chimamvera ndani? Maginito! Anadziombera m'manja okha pakhonde. Maginito wamkulu m'nyumbamo anali mmodzi yekha, wa m'sipika ya wailesi imene amake Mavis ankamverera uthenga wa maliro ndi makwaya. A Jere anaimasula wailesiyo ndi mpeni, akudziuza kuti adzabwezeretsa zonse mmene zinalili. Wailesi imeneyo sinalankhulenso mpaka lero.

Anamanga maginito ku chingwe n'kumuviika m'ndowa, kumuzunguza kasanu, n'kumuvuula. Eee, anatuluka atamera ndevu! Timchenga takuda tinali titagwirana tokhatokha, kena pamutu pa kanzake, n'kuima njoo ngati ubweya wa mbozi. A Jere anatipalira m'mbale, n'kuika maginito kunsi kwa mbaleyo. Akasuntha dzanja kumanzere, ndevu zonse zinkawerama kumanzere. Akasunthira kumanja, nazo kumanja. Akachotsa maginito, zinkagwa n'kusanduka mchenga wamba. Mkuluyo anasewera nazo ola lathunthu, mpaka kuiwala kuti banja likutha.

"Amake Mavis, bwerani muone! Zivina!"

Mayiwo anabwera akupukuta manja. Anayang'ana ndevu zovinazo, anayang'ana wailesi ili matumbo pamtunda, kenako anayang'ana m'ndowa, mmene madzi anali ofiira monga dzulo ndi dzana.

"Zivina bwino," anatero. "Nanga nyimbo zizaichotsa kuti, pakuti wailesi mwapha?"

Anabwerera m'nyumba, ndipo a Jere anamva zipi ya chikwama ikukokedwa.

Lachisanu m'mawa amake Mavis anapita kutchalitchi kukayeserera nyimbo, atanena kuti abwera dzuwa likapendeka. A Jere anakhala pansi pa mtengo wa mango, mutu uli m'manja, akufufuza m'zaka zawo zonse za mu labu ngati muli kanthu kena kupatula sopo. Ndipo anakumbukira kabotolo kena kopindika ngati goli, kamene kankawavuta kutsuka chifukwa burashi sinkafika pakona. Adokotala ena a magalasi ankathiramo madzi ovunduka, n'kuviika kachitsulo mbali iyi ndi kena mbali iyo, n'kulumikiza mawaya awiri, wofiira ndi wakuda. Pakapita nthawi, zovundukazo zinkasenderera mbali imodzi, mbali inayo n'kuyera. A Jere anaziona ndi maso awo kambirimbiri, ataima pasinki. Koma mbali iti? Zimenezo sanafunsepo. Munthu wovala khoti loyera safunsa, anthu angadziwe.

Anaganiza okha, ndipo m'maganizo mwawo zinamveka bwino kwambiri. Pa batire pali pulasi ndi mainasi. Pulasi ndi kuonjezera, ndi madalitso, ndi zabwino. Mainasi ndi kuchotsera, ndi tsoka. Tsono dothi, chinthu chonyansa chofuna kupasula banja la munthu, lingapite bwanji ku pulasi? Lipita ku mainasi, kwa anzake. Choncho ku mainasi kukufunika chitsulo chachabechabe choti chide, ndipo ku pulasi ungaike chilichonse, chituluka choyera monga chinalowera.

Chitsulo chachabechabe chinalipo, khasu lakutha lopanda mpini limene anakumbira chitsime chomwecho. Koma china chachikulu, chophwatalala, anachisaka pabwalo ponse osachipeza. Analowa m'nyumba. Maso awo anagwera m'kabati ya magalasi, pa thireyi.

Thireyi imeneyi tiifotokoze, chifukwa si thireyi wamba. Inali ya aluminiyamu, mphatso ya paukwati yochokera kwa malemu azakhali a amake Mavis. Inkatuluka m'kabati abusa akabwera basi, ndipo ngakhale apo mayiwo ankainyamula okha. Sabata yoyamba ya ukwati, a Jere akadali mnyamata wa tsitsi lonse, anatenga msomali n'kulemba mayina awo awiri kumsana kwake, ndipo anakalipiridwa koyamba m'banja chifukwa cha zimenezo. Koma zaka zonsezi za kukwecha ndi phulusa zinafufuta malembawo, moti onse awiri analeka kalekale kuitembenuza.

"Niibwereka chabe," a Jere anauza kabati. "Ili ku pulasi, siizakhudzidwa."

Anakokera beseni lalikulu la pulasitiki padzuwa n'kulidzaza ndi madzi a chitsime. Anaimika khasu mbali iyi, thireyi mbali iyo, atazitchinjiriza ndi miyala kuti zisagundane. Anasenza batire la sola limene linkayatsa nyale za m'nyumba, nalo n'kulibweretsa ndi mawaya ake. Waya wakuda anaumanga ku khasu, wofiira anaupana ku thireyi ndi chopanira zovala. Kenako anabwerera m'mbuyo masitepe atatu, ataphimba nkhope ndi chipewa.

Sipanachitike kanthu. Nkhuku inabwera, inasuzumira m'beseni, n'kuchoka.

Pamenepo anakumbukira kuti ana a sukulu mu labu muja, zinthu zikakana kuyenda, ankawatuma kukapempha kamchere ku kantini. Mchere! Anausaka m'khitchini monse, thukuta lili kamukamu, akutsegula zitini za ufa, za nyemba, za mabatani, mpaka anaupeza m'chitini cholembedwa kuti shuga. Anawaza pang'ono m'beseni, ka pakati pa zala. Posakhalitsa pa khasu panayamba kutuluka tithovu ting'onoting'ono, tikukwera m'mwamba mondondozana.

"Ehe! Yayamba!" anafuula a Jere. "Bwera kuno, iwe katondo, bwera kwa mbuyako!"

Anakhala pansi pa mango paja kuti aziyang'anira. Koma dzuwa la Okutobala ku Chongwe silicheza ndi munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi amene wasenza batire. Anatseka maso kuti angophethira, ndipo atawatsegula mthunzi unali utasamukira kummawa.

Anathamangira ku beseni. Choyamba chimene anaona chinawavinitsa. Pamwamba panali chithovu chofiirira choyandama, pansi panali tizibuma ta matope titakhala phee, koma pakati, pakati penipeni, madzi anali oyera moti ankaona chidindo cha fakitale pansi pa beseni. Miyezi isanu ndi itatu! Anatukula manja kumwamba kuti athokoze. Kenako anayang'ana khasu, ndipo khasu linali lopanda dothi ndi pang'ono pomwe. Manja anatsika okha. Anatembenuza mutu pang'onopang'ono.

Thireyi sinkaoneka. Pamalo pake panali chibuma chozungulira chofiira, chomatidwa katondo kumaso ndi kumsana, mosalala ngati khonde lozira pa Khrisimasi. Dothi lonse la m'beseni linali litasiya khasu la tsoka n'kuthamangira ku madalitso.

"Mayo ine," anatero a Jere. "Nafa."

Anamasula mawaya. Anakanda ndi chala pakona, ndipo kunsi kwa dothiko thireyi sinalinso yosalala, inali yokhakhala, ya timaenje ngati nkhope ya munthu wodwala nthomba. Nthawi yomweyo anamva mawu amene ankawadziwa kuposa awo omwe akubwera m'kanjira, akung'ung'udza nyimbo ya Lamlungu. Anaganiza zoiponya m'chitsime. Anaganiza zothawira ku Katete wapansi. Pomaliza anangoima kutsogolo kwa beseni, atatambasula miyendo ndi manja kuti abise zonse, koma a Jere ndi munthu wowonda.

Amake Mavis analowa pabwalo, ndipo m'mbuyo mwawo munali a Clarissa, atangotsika kumene m'galimoto kuchokera ku Kabwe, akupepesa za geti. Onse awiri anaima.

"Chimene mwabisa n'chiyani, atate a Mavis?"

"Madzi yadikha," anatero a Jere.

"Nafunsa chimene mwabisa."

Anawazungulira. Anaona madzi, ndipo nsidze zinakwera. Kenako anaona chibuma chozungulira chija. Anachivuula ndi manja awiri, madzi ofiira akutsikira m'zigongono, anachiyeza kulemera kwake, anayang'ana cha kukhomo kumene kabati inali chitsegukire, ndipo anadziwa.

Koma a Clarissa sanaone zimenezo. Iwo anali atagwada kale m'fumbi ndi suti yawo ya ku msonkhano, mutu uli m'beseni.

"Ba Jere! Ndimwe mwapanga ichi? Na batire ya sola chabe? Imwe, masitudenti yanga nibaphunzitsa ichi chaka na chaka pa bolodi, bangoniyangana monga nikamba Chigiriki!" Anatembenukira kwa amake Mavis, maso akuwala. "Amai, mwaona chamene yanali kukanira kudikha? Tudothi utu ni tung'ono maningi, ndipo kalikonse kali na chaji ya mainasi. Manje mainasi na mainasi sizifunana. Aka kakankha kanzake, kanzake nako kakankha aka, palibe kofuna kuyamba kugwira kanzake. Ndiye tukhala tokhatokha, tupepuka, situngatsike pansi olo mulindire zaka teni."

"Zaka teni," anabwereza amake Mavis, akuyang'ana amuna awo.

"Olo sate! Manje mukaikamo malaiti, tonse tuthamangira ku pulasi, chifukwa ni kwamene tupeza chosiyana natwo. Maginito siingatukwanise, ija itenga chabe twakuda twa chitsulo. Koma nzeru yeniyeni ili apa." Analoza thireyi. "Aluminiyamu ku pulasi! Malaiti yakapita, thireyi idyeka pang'ono pang'ono, tuzidutswa twake tungena mu madzi, tuzimya makani ya tudothi, tugwirana, tulema, tutsika. Ni thireyi yamene yadzipereka kuti madzi yayere. Mukanaika khasu ku pulasi, sembe madzi yafiira kuposa kale na dzimbiri. Ba Jere, munadziwa bwanji kuti aluminiyamu iyenera kukhala ku pulasi?"

Funso lija linafika. Miyezi isanu ndi itatu analizemba, ndipo linawapeza pakhomo pawo pomwe, litavala maonekedwe a chiyamikiro. Kunali kosavuta. Akanangokhosomola n'kunena kuti zaka za mu labu si masewera, a Clarissa akanaomba m'manja, ndipo mbiri ikanamveka mpaka ku msika wa Chongwe. Anatsegula pakamwa kuti atero. Koma anaona akazi awo ataima ndi mphatso ya azakhali awo itasanduka chibuma, ndipo anaona kuti akanena kuti ankadziwa, ndiye kuti thireyiyo anaiwononga dala. Anachita manyazi aakulu, ndipo manyaziwo anaposa ulemu umene ankaufuna.

"Sininadziwe, mayi," anatero, akuyang'ana zala za kumapazi. "Ine ninaganiza kuti dothi ni chinthu choipa, chizayenda ku mainasi, thireyi izatsala yoyera. Ninalakwitsa." Anatembenukira kwa akazi awo, mutu uli chiweramire. "Ndipo ku labu kuja, amake Mavis, nikambe lelo. Ine sininali kuchita maekisiperimenti. Ninali kutsuka chabe mabotolo."

Nkhuku ija inadutsanso.

"Nanga mwayesa ni nkhani iyo?" anatero amake Mavis. "Mwamuna abwera kunyumba zaka twente-seveni na zala zotumbuluka, zonunkha sopo mpaka mu nsima, ine niziyesa apanga ndeke? Ninadziwa Mavis akalibe kubadwa."

A Jere anakweza mutu. "Munadziwa? Nanga simunakambe bwanji?"

"Imwe munakamba?"

"Ninali kulindira kuti mufunse."

"Naine ninali kulindira kuti mukambe."

A Clarissa anatsokomola, n'kuyamba kuyang'anitsitsa waya wakuda mwachidwi chachikulu, ngati sanaonepo waya chibadwire.

Amake Mavis anakhala pa mwala, thireyi ili pamiyendo. Anatenga kansalu kofiira kaja ka Lachitatu n'kuyamba kupukuta kumaso kwake. Dothi linkachoka mosavuta, koma kuwala kuja kunali kutapita, ndipo m'mphepete munali timabowo titatu todutsa dzuwa. Misozi inalengeza, ndipo sanaibise.

"Ya atate aakazi iyi," anatero motsitsa mawu, akutchula azakhali awo aja. "Munaganiza chiyani, imwe mwamuna imwe?"

"Ninaganiza za minibasi," anayankha a Jere. "Pepani, amake Mavis. Niopa kutsala nekha."

Aka kanali koyamba m'banjamo kuti mawu oti pepani atuluke asanawapemphe. Mayiwo anatembenuza thireyi kuti apukute kumsana, anadutsitsa kansalu kamodzi, kawiri, ndipo dzanja linaima. Dothi la pamwamba linachoka, koma m'timizere tija ta msomali, timene phulusa linatisalaza mpaka maso kuleka kutiona, katondo anali atalowamo n'kukhala. Malembo anatuluka ofiira, opendekapendeka monga anawalembera mnyamata wa tsitsi lonse uja: DINGANI NA TISAUKE 1989. Chilembo cha S chinali choyang'ana kumbuyo.

Amake Mavis anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anaseka, misozi ikutsika.

"Onani, ba Clarissa. Munthu wa sayansi. Olo S yanga inamukanga."

Anaika thireyi pa mwala n'kuimirira. "Nanga muimirira chiyani? Dzuwa liyenda. Yengulani chithovu icho, muthire madzi mu ndowa pang'ono pang'ono, osavundula. Paja kutsuka ndiye ntchito yanu."

Apa ndiye a Jere anaonetsa zaka zawo. Anayengula thovu ndi mbale osasiya ndi kadontho, anatsuka ndowa katatu, anapendeketsa beseni mosamala ngati munthu wothira mankhwala m'diso, ndipo madzi anatsikira m'ndowa oyera mbee, matope n'kutsala pansi osagwedezeka. A Clarissa anati manja otere mu labu yawo mulibe, ndipo ankanena zoona. Anachenjeza kuti madziwo ndi ochapira ndi kusamba basi, akumwa azitungabe kwawo, ndipo kuti mawa akagule zivindikiro zakutha za mapoto ku msika m'malo mwa thireyi. Anatulutsa kiyi wina wa geti m'chikwama n'kupatsa amake Mavis. Amake Mavis anamulandira ndi manja awiri, anathokoza mwaulemu, n'kumuika m'thumba la malaya a amuna awo.

"Agalu akudziwani mawa," anatero.

Bulauzi inali pamwamba penipeni m'chikwama chamizeremizere chija, koma sopo anali pansi penipeni. Mayiwo anafufuza ndi dzanja, anatopa, kenako anachinyamula chikwama chonse n'kuchikhuthulira pabedi. Anatenga sopo n'kutuluka, zovala zili mbwee, ndipo sanazibwezeremo.

Anachapa dzuwa likadali pamwamba pa mitengo ya kwa a Clarissa. Anatsukuluza kawiri, anakamula, anakung'untha, n'kuyanika pa waya. A Jere anaima patali akupuma pang'onopang'ono, kuopa kuti mpweya wawo ungaidetse. Amake Mavis anaiyang'ana kutsogolo, kumbuyo, m'khosi, ndi m'khwapa momwe.

"Hmm," anatero, ndipo a Jere, amene anaphunzira chilankhulo chimenechi zaka zoposa makumi atatu, anamva kuti minibasi ya Loweruka ipita yokha.

Mtima utakhala pansi, manja awo anayamba kufuna ntchito monga mwa chizolowezi. Anaona thireyi pa mwala paja ili ndi zofiira m'malembo, anatola burashi ndi kachidutswa ka sopo, n'kugwada pafupi ndi madzi otsala m'ndowa. Munthu amene sanasiyepo kadontho pa botolo sakanatha kungoyang'ana. Anali atangonyowetsa burashi pamene dzanja lonyowa linawagwira pamkono.

"Zonse muzitsuka, atate a Mavis. Mapoto, mbale, ndowa, nizakupatsani mpaka mukhute." Amake Mavis anawalanda thireyi n'kuikumbatira pachifuwa, malembo ali kunja. "Koma apa pokha, osatsukapo."